Dzimbiri la pa madigadi: mukupentetsa chaka ndi chaka koma likungobwerera, vuto lili pati?

Amwene nkhani iyi ndakhala ndikuyankha anthu mmodzimmodzi mpaka ndatopa ndiye ndangoti ndilembe kamodzi basi. Ine ndili ndi HiAce ya ex-Japan yomwe ndinachotsa mipando yakumbuyo nkuikamo bedi, kambaula ka gasi, kasinki ndi thanki ya madzi, alendo amati camper van koma ana apa Mpondasi amangoti nyumba yoyenda ija yadutsa. Ndimanyamula alendo kupita nawo ku Cape Maclear, mwina ku Liwonde kukaona njovu, ikafika Khirisimasi imakhala ya banja. Itangofika ndinaiveka mapulasitiki akuda aja ozungulira pamwamba pa matayala, mwina kuti ioneke yamphamvu, komanso mumtima ndimati aziteteza penti ku miyala. Dzinja loyamba kunalibe nkhani. Lachiwiri ndinangoona timatuza pa penti, pamzere penipeni pomwe pulasitiki ikuthera, tayala lakumbuyo kumanzere. Ndinapita nayo pagalaja ina mtauni momuno, mnyamata anapala pang'ono, kumata bodefila, phala lija louma nkulimba losalazira bodi, kupopera penti, yawala ngati yangotsika kumene mu sitima, ndinalipira uku ndikumwetulira. Pofika Malichi timatuza tija tabwerera, tabweranso ndi anzake.

Ulendo wachiwiri ndinakana zopita kwa munthu, ndinatenga sikuludilaiva nkumasula pulasitiki ija ndekha pansi pa mtengo wa mango. Unali mwezi wa Meyi, mvula inali itasiya kalekale, fumbi lili tolo panja, koma kuseri kwa pulasitiki kunali matope onenepa ngati chigumu ndipo nditawakanda ndi chala anali onyowabe. Bowo lililonse pomwe panalowa sikuluwu linali ndi kamkombero kofiira, ndipo nditakanikiza sikuludilaiva pamlomo wa madigadi inangolowa fwa ngati ndikuboola papaya lakupsa. Mnyamata uja anakonza kunja kokha komwe ine ndimaona, pomwe dzimbiri limadya kuchokera kuseri ngati chiswe mu mtanda wa denga.

Anthu ambiri kuno amati ndi nyanjayi, mphepo ya kunyanja ndi imene ikudya magalimoto. Ayi ndithu. Nyanja yathuyi ndi ya madzi opanda mchere, kuno si ku Beira kapena ku Durban. Chitsulo kuti chichite dzimbiri chimafuna madzi ndi mpweya basi, ndiye madzi amvula akagwa nkuuma tsiku lomwelo palibe chomwe amalakwa kwenikweni, choopsa ndi matope omwe akhala pamalo amodzi miyezi osauma, ndipo kutentha kwa Mangochi kumangofulumizitsa ntchitoyo. Pulasitiki ija ndi thumba labwino kwambiri losungira matope otere. Nanga bwanji kumanzere? Ganizirani mmene timayendera pa M10 kupita ku Monkey Bay, kuzemba a kabaza, kuzemba mbuzi, kupatukira lole, tayala lomwe limatsika mu tala nkulowa mmatope ndi mmiyala ndi lakumanzere nthawi zonse.

Mchere ulipo koma umachokera kwina. Ku Japan madera a chipale ngati Hokkaido, komanso ku UK, amathira mchere mumsewu nyengo yozizira, ndiye galimoto ina imafika pa Dar es Salaam itadwala kale mkati ngakhale kunja ikunyezimira. Ngati muli ndi auction sheet yake, pepala lofotokoza mmene galimoto inalili poigulitsa pa okushoni ku Japan, yang'anani pa chithunzi cha galimoto chija, chilembo S ndi dzimbiri, C ndiye kuti chitsulo chayamba kale kudyeka. Mchere wina timaikamo tokha, thumba la feteleza lotayikira pansi pa kapeti, kapena madzi a nsomba ndi ayisi otsikira mmakona tikanyamula chambo cha achibale a ku Blantyre. Feteleza makamaka, ameneyo amadya chitsulo moopsa.

Muone kaye mtundu wa vuto lanu musanagule kanthu

Ngati mukuona kamzere kofiirira kotsika kuchokera pa sikuluwu, ngati misozi, vuto ndi bowolo. Amene anamanga pulasitiki anaboola ndi masikuluwu odziboolera okha aja, chitsulo cha mkati mwa bowo chinatsala chamaliseche chopanda penti, ndipo tizidutswa ta chitsulo tochokera pobowola tinatsalira momwemo. Limeneli ndi losavuta mukaligwira msanga.

Ngati penti yaperepeseka motsatira mphepete mwa pulasitiki, kamzere kowongoka bwinobwino, ndiye kuti pulasitiki ikugwedera. Mchenga umalowa pakati, mukamayenda msewu wa mabampu ngati wa ku Makanjira pulasitiki imanjenjemera nkumapala penti ngati sandipepa, kilomita iliyonse pang'ono pang'ono mpaka chitsulo chiwonekere. Gwirani pulasitiki mugwedeze, ikasuntha ngakhale pang'ono mwapeza wakuba.

Koma ngati ndi matuza, ndipo mukaboola limodzi ndi singano mukutuluka timadzi ta bulawuni, pepani achimwene, limeneli ndi lija langa. Madigadi akumbuyo si chitsulo chimodzi, ndi ziwiri, chakunja ndi chamkati, zolumikizidwa pamlomo paja ndi timadontho ta wotcherera a ku fakitale. Madzi amalowa pakati pa ziwirizo nkukhala, dzimbiri likamakula limafufuma kuposa chitsulo chomwe ladya ndiye limakankha penti kuchokera pansi. Thuza lomwe mukuliona laling'ono ngati nyemba, kuseri kwake kuli bala ngati chikhatho. Tengani maginito a sipika yakufa, muwakulunge mu kansalu kuti asakande penti, muyendetse pamadigadi onse, pomwe sakugwira bwino pali bodefila wa munthu wina amene anabisa kale zinthu. Izi muzichitanso pogula galimoto, mwini wake akakwiya ndiye kuti mwakhudza pachilonda.

Palinso lina lomwe a minibasi salidziwa koma ife ogona mgalimoto limativuta, dzimbiri loyambira mkati. Anthu awiri akagona usiku wonse mawindo otseka, mpweya wopuma uja umasanduka thukuta pa chitsulo, ndipo gasi akamayaka amatulutsanso nthunzi ya madzi, kuwonjezera pa ya mpoto wa nsima. Mmawa mwezi wa Juni mwera ukuwomba gwirani chitsulo kuseri kwa pulayiwudi muone, chimakhala chonyowa, madziwo amatsetsereka nkukaima pansi pomwe madigadi akumana ndi fulo. Ngati munaika thonje lagalasi lija la kudenga kapena siponji ya matiresi kuti muchepetse kutentha, dziwani kuti zimamwa madzi osawabweza.

Kakonzedwe kake

Nthawi yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala, kouma. Kupenta mu Januwale ndi kutsekera chinyezi mkati ndi ndalama zanu zomwe. Komanso musapente padzuwa la masana la Okutobala chitsulo chikuotcha dzanja, penti imauma pamwamba mkati isanagwire, chitani mmamawa pamthunzi tsiku lopanda mphepo ya fumbi.

Chotsani tayala, galimoto ikhale pa sitandi kapena pa zipika zolimba pamalo olimba, osati pa jeke yokha ndipo osati pamchenga chonde, mutu wanu ukhala uli mmenemo. Chotsani pulasitiki, tsukani matope onse ndi madzi ndi bulashi mpaka mkati mwa mlomo uja, kenako muisiye masiku awiri atatu iume, musathamange. Mukatero bulashi ya waya pa gilayinda, magalasi kumaso chifukwa timawaya timathothoka nkuuluka, ine kamodzi kanandibaya patsaya. Palani mpaka chitsulo chiwale, ndipo musaime pomwe dzimbiri likuoneka kuti lathera, pitirirani ngati utali wa chala chachikulu mu penti yabwino chifukwa limayenda pansi pa penti mwakachetechete. Phula lakuda lija lopopera kunsi musalikhulupirire poliona, likakalamba limang'aluka madzi nkulowa kuseri, kandani ndi sikuludilaiva, pomwe likusendeka ngati khungwa chotsani lonse.

Mukapala mupeza chimodzi mwa ziwiri. Ngati chitsulo chili cholimba koma chili ndi timaenje takuda ngati nkhope ya nthomba, pakani rust converter, mankhwala aja okhala ndi phosphoric acid kapena tannic acid omwe amasandutsa dzimbiri lotsalira mtimaenje kukhala lakuda losapitirira. Koma si madzi odalitsa ayi, sagwira ntchito pa dzimbiri lokhuthala lomwe simunapale kapena pamalo a mafuta, ndipo werengani pa chitini chifukwa ena amafuna kutsukidwa akauma ena ayi. Zoti Coca-Cola amachotsa dzimbiri zija, inde muli ka phosphoric acid koma kochepetsetsa, chomwe mupindule ndi nyerere.

Ngati pabooka kapena chitsulo chapyapyala moti chikubonyoka ndi chala, palibe mankhwala, dulani muike chigamba cha chitsulo. Apa ndi pomwe ambiri timagwa chifukwa panel beater amakuuzani kuti bwana tingomata, nzotchipa, mawa mutenga. Amalowetsa kaneti kapena nyuzipepala kubowo nkumata bodefila. Bodefila amamwa madzi, ndiye kuseri kukakhala kotseguka mwamata siponji pa bala. Ntchito yake ndi kusalaza pamwamba pa chitsulo chabwino, mopyapyala, basi.

Wowotcherera musankhe bwino. Chitsulo cha bodi ndi chopyapyala, sichifika ndi milimita imodzi yomwe malo ambiri, ndiye amene amawotcherera mageti ndi mawindo ndi ma rod aja angokuboolerani mabowo ena. Wa gasi amatha ngati ali ndi dzanja koma moto wake umapinda chitsulo, makina owotcherera ndi waya otchedwa MIG ndiye abwino mukawapeza. Madala amene anandikonzera ine, munthu wamkulu wachete, anadula chigamba ku chitseko cha galimoto yakufa, nkumawotcherera kadontho apa, kadontho uko, kudikira pazizire, ndinafunsa kuti madala bwanji osangoyendetsa kamodzi, anangoti "mwanangu ukufuna madigadi kapena chipapa?" Musanayatse moto chotsani batire, tulutsani silinda ya gasi ipite kutali, chotsani bedi, pulayiwudi, siponji ndi mawaya onse ali kuseri kwa malowo, muonenso komwe kwadutsa mapaipi a mafuta, ndipo munthu mmodzi akhale mkati ndi ndowa ya madzi akuyang'ana. Nyumba yoyenda imapsa msanga kuposa minibasi chifukwa mkati monse ndi matabwa ndi nsalu.

Akamaliza, chitsulo chisagone chamaliseche, tsiku lomwelo pukutani ndi thina mupake pulaimala, penti yoyamba yapansi ija, mbali zonse ziwiri, kuseri komwe moto unapsereza penti ndi komwe kumayambira dzimbiri latsopano. Epoxy primer wosakaniza ziwiri uja ndiye mfumu chifukwa salola madzi kudutsa. Red oxide wa mu hardware ndi wabwino kuposa kusapaka kanthu koma yekha sakwana, ndipo pulaimala wotuwa wamba uja amalowa madzi, ndimaona magalimoto ambiri mtauni muno akuyenda dzinja lonse ndi zigamba zotuwa podikira ndalama ya penti, pofika Epulo ntchito yonse yabwerera pa ziro. Pamzere wolumikizira pakani seam sealer kapena Sikaflex, zomatira zotseka mipata kuti madzi asalowe. Silikoni wa kubafa uja wonunkha ngati viniga musayerekeze, fungo limenelo ndi asidi ndipo amadyetsa chitsulo, komanso penti sigwira pamwamba pake. Kenako stone chip, penti yokhuthala yonga labala, mkati mwa madigadi kuti miyala izidunda, penti pamwamba, mwatha mbali yooneka.

Mbali yosaoneka ndi imene inandipulumutsa ine. Pakati pa zitsulo ziwiri zija bulashi safika, pamafunika cavity wax, phula lamadzimadzi lomwe limayenderera lokha mmipata nkuthamangitsa madzi, mayina ake ndi monga Tectyl, Waxoyl kapena Dinitrol, mukasowa kuno tumani amene akupita ku Limbe kapena ku Joni. Mitengo sindilemba, chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa chitini umasintha usanamalize kuwerenga ndalama. Chotsani chikuto chamkati kapena nyali yakumbuyo, lowetsani kapaipi, poperani mpaka phula liyambe kudontha pansi pamlomo. Kutentha kwathu kuno kumathandiza, limasungunuka nkulowa paliponse. Chitani izi pomaliza penipeni, mukayamba ndi phula penti sigwira, ndipo kuwotcherera pamalo aphula ndi kuyatsa moto dala.

Ndikudziwa wina anena za oyilo wakuda wotsala posintha, madala athu ankapaka ma Land Rover. Amagwirako pang'ono sindikana, koma amafufumitsa malabala, amakoka fumbi, akafika pa mabuleki mwadziputira ngozi potsika phiri la Namwera, ndipo mvula ikamutsuka amathera mu Shire momwe timamwa ndi kudyamo. Ine ndinasiya.

Kubwezeretsa pulasitiki, kapena kungoisiya

Kunena zoona ngati galimoto yanu sinabwere ndi mapulasitiki amenewa ndipo matayala sanatulukire kunja kwa bodi, maganizo anga ndi oti musaike. Chomwe chimateteza kwambiri ndi malabala olendewera kumbuyo kwa tayala aja, otchipanso. Koma poti ambirife tinaboola kale ndipo timakonda maonekedwe, chitani chonchi. Bowo lililonse lisalazeni, pakani pulaimala ndi penti mkati mwake ndi kabulashi kakang'ono kapena kamtengo ka machesi, liume, kenako kadontho ka phula lija musanalowetse kanthu. Gwiritsani makilipi apulasitiki, kapena kapulagi kapulasitiki kolowa mubowo kuti sikuluwu ilume pulasitiki osati chitsulo. Ena amathamangira masikuluwu a stainless poganiza kuti athana nazo, sikuluwuyo sichita dzimbiri inde koma ikakhudzana ndi chitsulo wamba pamalo onyowa chomwe chimadyeka msanga ndi bodi yanuyo, ndiye pakhale pulasitiki kapena labala pakati. Amene simunaboole, tepi ya 3M yomata mbali zonse ya magalimoto imagwira bwino mukapukuta malowo kuti pasakhale mafuta kapena polishi.

Pamphepete pomwe pulasitiki ikhudza penti pakhale kalabala kake kaja, kakatha gulani kena, kapena matani tepi yoonekera yoteteza penti pansi pake. Ndipo cholakwa chomwe ndinatsala pang'ono kuchita: kumata sealer kuzungulira pulasitiki yonse kuti madzi asalowe. Madzi alowa basi, kuchokera ku tayala, chomwe mwachita ndi kuwatsekera potulukira. Matani pamwamba ngati mukufuna koma kumapeto kwa pansi konse kuwiri kukhale kotseguka.

Zotsalazo ndi chizolowezi. Anyamata a pa car wash amatsuka pomwe bwana aone, matayala kuwapaka polishi mpaka kuwala, koma mkati mwa mlomo safikamo pokhapokha muwauze, ine ndimaima pomwepo nkunena kuti achimwene paipiyo ilowe umu, kenako ndimayendetsa chala mkati mwa mlomo ndekha, chikatuluka ndi matope abwereze. Nthawi ya mvula chitani izi mukangobwera ku ulendo wa msewu wafumbi, matope asanaume nkugwira ngati simenti. Zolowetsa galimoto mnyanja kuti muitsuke zija siyani, mchenga umalowa mmabuleki ndi mma bearing, ndipo ku Cape Maclear kuja ndi mu Lake Malawi National Park, si malo otayira sopo ndi girizi. Amene munadutsa mmadzi nthawi ija nyanja inasefukira mu 2024 mpaka kulowa mmalo ogona alendo, kapena munawoloka zithaphwi za namondwe Freddy mu 2023, ngati simunatsegulepo mapulasitiki chichokereni nthawi imeneyo katseguleni Loweruka lino. Pansi pa zitseko ndi pansi pa bodi mmbali muli timabowo totulutsira madzi, tokoseni ndi kawaya, pa sitepe ya chitseko chokoka paja chotsani labala muone pansi pake. Musaimike galimoto pa udzu wonyowa masabata, ndipo kuifunditsa lona mpaka pansi nthawi ya dzinja ndi kuiphika mu nthunzi, bola pa shedi popita mphepo. Pogona tsegulani kawindo pang'ono muike neti ya udzudzu, pophika tsegulani chitseko, izi nzofunikanso pa moyo wanu osati pa chitsulo chokha. Ine mapulasitiki ndimachotsa kamodzi pachaka mu Meyi, kutsuka, kuumitsa, kupopera phula, kubwezera, ntchito ya theka la tsiku.

Nanga ngati mwachita zonsezi koma mbali imodzi ikubwererabe? Zinandichitikira. Kumanja kunakhala bwino, kumanzere patatha chaka kathuza kamodzi kanatulukanso, ndinatsala pang'ono kukawadandaulira madala aja kuti anandinyenga. Mayi a kunyumba ndi amene anati kodi bwanji pansi pa bedi pamanunkha chinyontho ngakhale mu Seputembala. Ndinatulutsa katundu yense, kuwaza ufa woyera pa fulo kuzungulira madigadi mkati, kudzaza thanki, kuyenda mpaka pa Bakili Muluzi Bridge nkubwerera. Pa ufa panali kanjira konyowa kochokera pa joini ya paipi yopita ku sinki, kadontho kamodzi kamodzi galimoto ikamagwedezeka, ikaima osadontha, nchifukwa chake sindimakaona. Kanali kutsikira ndendende pa mzere wa zitsulo ziwiri zija kuchokera mkati. Ndinasintha kilampu, thanki ndinaisunthira kutsogolo pang'ono nkuikira kabeseni pansi pake, kathuza kaja ndinakapala kakadali kakang'ono. Ngati mulibe thanki yesani ndi paipi ya madzi panja munthu wina ali mkati ndi tochi, muyambire pansi kukwera mmwamba pang'onopang'ono, kawirikawiri wolakwa amakhala labala wa windo lam'mbali, nyali yakumbuyo, kapena mabawuti a keriyala ndi sola padenga omwe anabooledwa opanda sealer.